Kodi Zulu Wake Uti? Mmene Lamya ndi Kompyuta Zimapezera Malangizo Ao

Nkhani yathu ya lero tiitengera ku Mchinji, kudera la Inkosi Zulu ndi madera oyandikana nalo, koma ikhudza aliyense amene ali ndi lamya ya m'manja m'thumba mwake, kapena amene dzina lake lidalembedwapo m'kompyuta ya kuchipatala, ya kusukulu, ngakhale ya ku ofesi ya boma.

Anthu a m'midzi ya kufupi ndi malire amadziŵa chinthu china chimene anzao a ku Lilongwe sakumana nacho. Munthu ali khale pakhonde pake, kapena ali m'munda akukumba mtedza, sadakwere basi, sadadinditse chiphaso pachipata cha Mwami, koma mwadzidzidzi lamya yake yalandira uthenga womulonjera kuti wafika bwino ku Zambia. Akapanda kuchenjera, naimba lamya kapena kutsekula intaneti, mayunitsi ake angathe kusungunuka ngati mchere m'madzi, pakuti woimba ali mlendo m'dziko la eni kaŵirikaŵiri salipira mtengo wofanana ndi woimba ali kwao. Ena amati lamya yapenga, ena amati yakalamba. Koma lamyayo siidalakwe kanthu. Idangofunsa mafunso aŵiri, idalandira mayankho aŵiri osiyana, ndipo idachita monga momwe idalangizidwira. Kuti timvetse mafunso amenewo tiyenera kuyamba taona mmene makina amasungira malangizo ao.

Wailesi yakale ija ya mabatire inali ndi timabatani toŵerengeka: kotsekulira, kokwezera mau, ndi kosakira siteshoni. Mukaitseka usiku, singano inkakhala pomwe mudaisiya, ndipo m'maŵa mwake mukaitsekula inkapeza siteshoni yomwe ija. Langizo lanu linkasungidwa pamalo pamene singano yaima. Lamya ya masiku ano ili ndi malangizo mazanamazana amene sangakwane pa timabatani, motero amalembedwa m'kati mwake. Achinyamata amaŵatcha masetingi. Langizo lililonse lili ndi mbali ziŵiri: dzina lofunsira, limene akatswiri amalitcha kiyi, ndi yankho limene lasungidwa pansi pa dzinalo. Aphunzitsi anzanga azindikira msanga, pakuti ndi mmene kaundula wa m'kalasi amakhalira: dzina la mwana kumanzere, malikisi ake kumanja. Pulogalamu ikafuna kudziŵa kanthu siiŵerenga buku lonse ai. Imatchula kiyi, ndipo imalandira yankho.

Vuto limabwera pamene maina achuluka, chifukwa maina amafanana. Titenge dzina lomweli la Zulu. Munthu wa ku Mchinji akati "ndikupita kwa Zulu" akutanthauza dera la mfumu yaikulu ya Angoni, anthu amene makolo ao adaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Ku Chipata ndi ku Lusaka, Zulu ndi dzina la mabanja ambirimbiri. Ku Durban ndi dzina la mtundu wa anthu ndi chilankhulo chao. Kwa oyendetsa ndege, Zulu ndi dzina la nthaŵi ya dziko lonse, imene imaŵerengedwa kuchokera ku Greenwich. Munthu amamva tanthauzo loyenera poona amene akulankhula ndi malo amene ali. Makina alibe nzeru yotero. Mukangowauza kuti Zulu, sadziŵa kuti Zulu wake ndi uti.

Mankhwala a vutoli tidaŵadziŵa kale, makina asadabwere. Wolemba kalata kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg sankangolemba dzina la mkazi wake pa envulopu. Ankalemba mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi dziko. Ku positi ya ku Johannesburg ankangoŵerenga dziko lokha, naponya kalatayo m'thumba loyenera; kuno kwathu ankaŵerenga boma; kubomako ankaŵerenga dera la mfumu; ndipo mtengatenga womaliza ndiye ankasamala za mudzi ndi dzina la munthu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankafunika kudziŵa midzi yonse ya pansi pano. Aliyense ankangodziŵa sitepe yotsatira. Umu ndi mmene makina amasanjira malangizo ao. Kasanjidweka amakatcha mtengo, koma ndi mtengo wozondoka: muzu uli pamwamba, nthambi zikutsika, ndipo mayankho ali kumasamba. Kiyi yathunthu ndiyo njira yonse yochokera kumuzu kukafika patsamba, ndipo pakati pa dzina lina ndi linzake amaikapo chizindikiro cholekanitsa, kaŵirikaŵiri kadontho kapena kamzere kopendekeka. Dera lathu lija tingalilembe motere: Malawi/Pakati/Mchinji/Zulu. Tikatero palibenso kukayika.

Nzeru imeneyi idaloŵa m'makompyuta m'zaka za m'ma 1960. Akatswiri a ku America amene ankapanga dongosolo lotchedwa Multics adafotokoza mu 1965 za kusanja mafailo ngati mtengo, ndipo Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Laboratories adaitenga poyamba kupanga Unix mu 1969. Lamya zambiri zimene zikugulitsidwa pa Kamwendo kapena pa boma la Mchinji zimayendera Android, ndipo m'kati mwa Android muli Linux, amene adatsata mapazi a Unix. Tsono kamzere kopendekeka kaja kali m'thumba mwanu, ngakhale simudakaonepo.

Maina a pa intaneti nao adayenda ulendo womwewo. Poyamba maina a makompyuta onse olumikizidwa ankalembedwa m'failo imodzi yokha, yosungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankakopera kumeneko. Makompyuta atachuluka, zidaoneka kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1983 Paul Mockapetris adakonza dongosolo lotchedwa DNS, limene lidagaŵa maina m'nthambi, nthambi iliyonse ndi woiyang'anira wake. Nthambi ya Malaŵi ndi mw, ya Zambia ndi zm, ndipo pansi pa mw pali gov imene ndi ya boma. Chodabwitsa n'chakuti maina a pa intaneti amaŵerengedwa chobwerera, kuchokera kumanja kupita kumanzere: kompyuta imayamba yafunsa kumuzu kuti mw ali kuti, kenaka imafunsa mw kuti gov ali kuti, mpaka itafika pamene ikufuna. Zimafanana ndi envulopu ija, pamene dziko limalembedwa pomaliza koma limaŵerengedwa poyamba.

Tsopano tiyeni tibwerere kwa mlimi wathu wa kumalire, tione zimene zikuchitika m'lamya yake. Ndiŵerenga pang'onopang'ono, ndipo amene muli ndi pensulo mulembe. M'lamya ya Android muli kiyi iyi: gsm.sim.operator.numeric. Mulinso inzake yofanana nayo kwambiri: gsm.operator.numeric. Kusiyana kwake ndi kadzina kamodzi kokha, sim. Pulogalamu ikatchula kiyi yoyamba ija, lamya imaidula pa kadontho kalikonse, nipeza tizidutswa tinai. Imayamba kumuzu nkufuna nthambi yotchedwa gsm. Ikaipeza, imayang'ana pakati pa ana a nthambi imeneyo okha, kufuna sim. Pansi pa sim imafuna operator, ndipo pansi pa operator imafuna numeric, pamene pali yankho. Kiyi yachiŵiri imayambira pa gsm yemweyo, koma imapatukira pa mphambano yoyamba nkutsata operator wina amene sali pansi pa sim. Taonani: maina aŵiri operator ndi ofanana kalembedwe, koma ndi anthu aŵiri osiyana, monga a Banda a kwa Zulu ndi a Banda a kwa Mkanda.

Kiyi yoyamba imayankha funso lakuti, kodi kakhadi kamene kali m'lamyamu nka kampani iti? Yachiŵiri imayankha lakuti, kodi nsanja imene tikulankhula nayo panopa ndi ya yani? Mayankho ake ndi manambala. Dziko lililonse lili ndi nambala yake ya za lamya za m'manja: Malaŵi ndi 650, Zambia ndi 645. Musaisokoneze ndi 265 ndi 260 zimene timayambira poimba lamya yakunja. Imeneyo ndi kaundula wina. Kutsogolo kwa nambala ya dziko kumabwera ya kampani: TNM ndi 01 ndipo Airtel ya kuno kwathu ndi 10, pamene ku Zambia Airtel ndi 01, MTN ndi 02, Zamtel ndi 03. Onani kuti 01 payekha sathandiza, chifukwa ku Malaŵi akutanthauza kampani ina, ku Zambia ina. Ayenera kuyenda ndi kholo lake. Tsono mlimi wathu ngati ali ndi kakhadi ka TNM, kiyi yoyamba imayankha 65001 nthaŵi zonse. Koma mafunde a wailesi sadziŵa malire. Phiri likatchinga nsanja ya kuno, kapena magetsi akazima pansanjapo, lamya imasaka ina, ndipo ikapeza ya kutsidya imene ikuvomera kuilandira, kiyi yachiŵiri imayamba kuyankha nambala yoyamba ndi 645. Mayankho aŵiri aja asiyana, ndipo lamya imalemba kuti mwini wake ali paulendo kunja.

Izi zonse zinali za kiyi imene yapezeka. Nanga ikasoŵa? Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yathu, ndipo ndifuna tichedwepo pang'ono.

M'mudzi mukabuka mlandu, suyambira kwa Inkosi. Umayamba kwa nyakwaŵa. Nyakwaŵa ikalephera, umakwera kwa gulupu, ndipo gulupu akalephera ndi pamene umafika kubwalo la mfumu yaikulu. Makina amachita chimodzimodzi ndi funso limene lasoŵa yankho: amayamba kufunsa pafupi, nakwera pang'onopang'ono. Chitsanzo chabwino ndi cha chilankhulo. Mau onse amene mumaona pagalasi la lamya, monga Tumizani kapena Bwererani, salembedwa m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Aliwonse ali ndi kiyi yake, ndipo chilankhulo chilichonse chili ndi buku lake la mayankho. Chicheŵa chidapatsidwa chizindikiro cha ny, kuchokera ku dzina lakuti Chinyanja. Chicheŵa cha ku Malaŵi ndi ny-MW, cha ku Zambia ndi ny-ZM. Pulogalamu imayamba yafuna kiyi m'buku la ny-MW. Ikapanda kuipeza, imakwera ku buku la ny, la onse olankhula chilankhulochi. Ikasoŵanso kumeneko, imakwera ku buku la pamuzu, limene kaŵirikaŵiri limakhala la Chingerezi.

N'chifukwa chake mumaona pulogalamu ina ikulankhula Chicheŵa patsamba loyamba, koma mukaloŵa m'kati yatembenukira ku Chingerezi pakati pa nkhani. Sikuti yaonongeka. Womasulira adamasulira makiyi ena nasiya ena, ndipo osiyidwawo akuyankhidwa ndi kholo. Kunena zoona, ine ndimaona kuti kumeneku nkuchenjera koyenera kuyamikidwa, pakuti kumalola kuti ntchito yomasulira iyambe ngakhale ndi mau makumi aŵiri okha, ena nkudzaonjezera pambuyo. Koma kuli ndi choipa chake: kumabisa ulesi. Popeza palibe chimene chimasweka, palibe amene amafulumira kumaliza. Chimasweka ndi pamene kiyi yasoŵa ngakhale pamuzu penipeni. Zikatero mapulogalamu ena amangodzitseka okha, ena amakuonetsani kiyi ili maliseche, timau ta madonthomadontho pamalo pamene pakadakhala chiganizo.

Ngakhale chilankhulo cha lamya yonse chimasankhidwa mwa njira yomweyi. Lamya ikamadzuka imafunsa kiyi ya persist.sys.locale, mmene mumasungidwa chilankhulo chimene mwini wake adasankha. Ikapeza mopanda kanthu, imatsikira ku ro.product.locale, mmene muli chimene adaika a kufakitale, ndipo kumeneko kukakhalanso kopanda kanthu imagwera pa Chingerezi cha ku America. Ndiye chifukwa chake lamya yogula kwa munthu wochokera kunja, wokonza akaifufuta zonse, nthaŵi zina imadzuka ikulankhula chilankhulo chimene pamudzi ponse palibe wochidziŵa. Maina oyambawo ali ndi tanthauzo: kiyi yoyamba ndi persist imasungika ngakhale lamya itazimitsidwa, pamene yoyamba ndi ro ndi yongoŵerenga, ikaikidwa kamodzi siisinthika mpaka lamya itadzukanso.

Apa fanizo la mafumu liyenera kugwiridwa mosamala. Pa milandu, chigamulo cha bwalo lapamwamba chimaposa cha bwalo lapansi. Pa malangizo a makina, kaŵirikaŵiri zimakhala mozondoka: wapafupi ndiye amapambana. Fakitale idaika kulira kwina, kampani ya kakhadi ingathe kusintha zina, koma inu mwini mukasankha nyimbo yanu, yanuyo ndiyo imalira, ndipo mukasankha ina yapadera yolira pamene amai anu aimba, imeneyo imaposa zonse pa nthaŵi imeneyo. Wapamwamba amangoyankha pamene apansi onse akhala chete, pokhapokha atatseka kiyi ndi loko. Wokonza makina wanzeru akaona langizo limene likukana kugwira ntchito, funso lake loyamba silikhala lakuti kodi ndalemba bwino, koma lakuti kodi pali wina wapafupi amene wandiyankhira kale. Safunsa adadya phula.

Palinso makiyi ena amene sasunga yankho, koma amangoloza kwa anzao, monga munthu amene mwamufunsa njira nakuuzani kuti kafunseni uje. Nthaŵi ya lamya yanu imatengedwa m'kaundula wa nthaŵi za dziko lonse, mmene maina amalembedwa ngati mtengo: chigawo cha dziko lapansi, kamzere, mzinda. Yathu ndi Africa/Blantyre, ya anansi athu ndi Africa/Lusaka. Koma popeza maiko ameneŵa amatsata nthaŵi imodzi, osunga kaundulayo adangochititsa maina onse aŵiri kuloza ku Africa/Maputo. Motero koloko ya lamya ya kwa Zulu imatenga malamulo ake pansi pa dzina la mzinda wa ku Mozambique, ndipo palibe chimene chimalakwika, ngakhale lamyayo ilumphe malire kakhumi patsiku. Ndipo nachi china chosekesa: m'kaundula yemweyo mulinso kiyi yotchedwa Zulu, yoloza ku nthaŵi ija ya oyendetsa ndege. Kalaliki wa kwa Inkosi Zulu atafunsidwa ndi kompyuta za nthaŵi ya dera lake, iye nkulemba moona mtima kuti Zulu, kompyutayo ingavomere mosakayika, koma koloko yake ingatsalire m'mbuyo ndi maola aŵiri. Choopsa pa makiyi olozanaŵa nkuti wina aloze kwa mnzake, mnzakeyo nkulozanso kwa woyamba uja. Pulogalamu yosachenjera ingazungulire pamenepo mpaka kalekale, ndiye chifukwa chake zokonzedwa bwino zimaŵerenga masitepe nkuleka akapyola muyeso.

Tsopano tifike pa msampha umene umakola ngakhale akatswiri, ndipo ife a ku Malaŵi tili nao pakhomo penipeni. Tanena kuti kamzere kopendekeka kamalekanitsa kholo ndi mwana. Koma kodi dzina la mfumu yaikulu timalilemba bwanji m'makalata a boma? Timalemba T/A Zulu. Kamzere kali m'kati mwa dzina! Mukapereka Mchinji/T/A Zulu kwa makina, iwo adula paŵiri, nayamba kufuna nthambi yotchedwa T pansi pa Mchinji, ndi mwana wake wotchedwa A Zulu. Sapeza kanthu. Chimodzimodzi ndi kadontho: zipatala ndi sukulu zambiri za mishoni zimayamba ndi St. ndipo kadontho kameneko kangamveke ngati mphambano. Akatswiri adakonza njira zozembera msamphawu. Pa lamulo lina lotchedwa JSON Pointer, limene lidakhazikitsidwa mu 2013, kamzere ka m'kati mwa dzina kamalembedwa ngati ~1, kotero kuti T/A Zulu amasanduka T~1A Zulu. Pa chida china chotchedwa Apache Commons Configuration, kadontho ka m'kati mwa dzina kamalembedwa kaŵiri motsatizana, kuti makina adziŵe kuti apa si podula. Kalembedwe kathu kalinso ndi tizizindikiro tina timene timavutitsa mapulogalamu osakonzedwa bwino: kakoma ka m'mwamba ka m'mau ngati ng'ombe ndi Mang'anja, kamene m'zilankhulo zina za makina kamatanthauza kuti mau athera pomwepa, ndiponso kadenga ka pa ŵ. Kwa makina, Malaŵi ndi Malawi ndi makiyi aŵiri osiyana, ndipo pa Linux ngakhale Zulu ndi zulu si amodzi.

Zimenezi si nkhambakamwa chabe, pakuti ziŵerengero za umoyo wathu zimayenda m'mtengo wotere. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera m'pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene imakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo kuno kwathu idafalikira m'maboma cha m'ma 2012. M'menemo chipatala chilichonse chaching'ono chili pansi pa boma lake, boma lili pansi pa zoni, ndipo zoni ili pansi pa dziko. Mchinji ili m'zoni imodzi ndi Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu. Chiŵerengero cha ana odwala malungo chikalembedwa pachipatala cha kumudzi, chimakwera chokha nkukaphatikizidwa ndi cha zipatala zina za bomalo, mpaka kulikulu, kumene amachiyang'ana polingalira za mankhwala ndi masikito. Chipatala chikapachikidwa pa nthambi yolakwika, odwala ake amaŵerengedwa m'boma la eni.

Okonza DHIS2 adasankha kusadalira maina. Malo alionse amapatsidwa chizindikiro chake cha zilembo ndi manambala 11, chopanda tanthauzo kwa munthu, ndipo njira yochokera kumuzu imalembedwa ndi zizindikiro zimenezo. Poyamba zimaoneka ngati kuvutitsa anthu dala, koma ganizirani mbiri yathu. Boma la Mchinji lomweli kale linkatchedwa Fort Manning. Neno idali mbali ya Mwanza mpaka 2003. Mafumu amakwezedwa, madera amagaŵidwa, zipatala zimasintha maina. Kiyi yomangidwa pa dzina imaduka tsiku limene dzinalo lasintha, pamene chizindikiro chimakhala chomwecho, ndipo mbiri ya zaka zonse imatsatira chipatalacho kulikonse kumene chasamutsidwira mumtengo.

Pamene nthambi imodzi ili ndi ana ambiri a dzina limodzi, makina amaŵatchula ndi manambala, ndipo ambiri amayamba kuŵerenga pa 0 osati pa 1. Mwana woyamba ndi 0, wachiŵiri ndi 1, kotero pa mndandanda wa zinthu 20 chomaliza ndi 19. Kufunsa chinthu chimene chili kunja kwa mndandanda kungagwetse nyumba yonse. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike idatumiza failo ya malangizo imene idachititsa pulogalamu yao kufuna chinthu cha 21 pamene zinalipo 20 zokha. Makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni adagwa tsiku limenelo, ndege zidalephera kunyamuka m'maiko ambiri, ndipo mabanki ndi zipatala zina zidabwerera ku pepala ndi pensulo.

Kupeza tsamba loyenera sikuti ulendo watha, chifukwa yankho lomwelo liyenera kumveka monga mwini adafunira. Nambala zathu za lamya zimayamba ndi 0, monga 088 ndi 099. Pulogalamu ikaganiza kuti imeneyi ndi nambala yoŵerengetsera, imataya 0 wakutsogoloyo pomuyesa wopanda ntchito, ndipo mndandanda wonse wa alimi umasanduka wa nambala zosaimbika. Chizindikiro cha dziko la Namibia ndi NA, chimene mapulogalamu ena a ziŵerengero amachimva ngati akuti palibe kanthu. Cha Norway ndi NO, chimene kalembedwe kena ka malangizo kotchedwa YAML, m'malamulo ake akale, kankachimva ngati ai. Koma kusokonezeka kumene ndimakuopa koposa ndi kwa pakati pa 0 ndi mpata wopanda kanthu. Mlangizi wa zaumoyo akalemba 0 pa matenda a chikuku, akunena kuti ndayang'ana ndipo sindidapeze wodwala. Akasiya mpata, sakunena kanthu. Mwina fomu idanyowa ndi mvula, mwina njinga idathyoka panjira. DHIS2 ili ndi langizo lapadera pa chinthu chilichonse choŵerengedwa, lonena ngati 0 asungidwe kapena ai. Pamene langizolo lati asasungidwe, chipatala chimene chidapereka lipoti la 0 ndi chimene sichidalembe kanthu zimaoneka zofanana pa mzere umenewo, ndipo woŵerenga kulikulu ayenera kuyang'ana kwina kuti adziŵe ngati lipoti lidafika.

Nanga mlimi wathu uja achite chiyani? Popeza tadziŵa kuti wapafupi ndiye amapambana, iye mwini angathe kuyankha funso lamya isadakwere nalo kwina. M'masetingi, pansi pa nthambi ya netiweki ya lamya, pali langizo losankha kampani. Fakitale idaliika pakuti lamya izisankha yokha. Mukalichotsa pamenepo, lamya idzasaka nkukuonetsani makampani onse amene ikuŵamva, a kuno ndi a kutsidya, ndipo inu musankhe yanu ya kuno. Pafupi pomwepo pali langizo linanso lololeza intaneti pamene muli kunja, limenelo litsekeni. M'lamya ya makhadi aŵiri kumbukirani kuti kakhadi kalikonse kali ndi nthambi yakeyake, ndipo zimene mwasintha pa koyamba sizikhudza kachiŵiri. Dziŵaninso mtengo wa chisankho chimenechi: nsanja ya kuno ikazima, lamya idzangokhala duu osafunanso ina, ndipo tsiku limene mudzaolokedi kupita ku Chipata kukagula katundu, kapena ku Mtenguleni kukaonerera Ncwala m'mwezi wa February, muyenera kubwezera langizolo pamene lidali musadafike pachipata.